Wilf Raistrick ndi Nkhondo Imene Anaitaya Kumpanda

Ku Skeldby kuno palibe amene samudziwa Wilf Raistrick, ndipo ambiri mwa omudziwawo akhala akumuseka kwa zaka. Ena mwa osekawo ndi anthu oti ukawafunsa dzina la agogo awo amayamba kukanda m'mutu. Ndiye imvani nkhani yake kwa ine, musanakaimve yopindika ku bala.

Wilf anali wogulitsa malasha. Kuyambira unyamata wake mpaka msana utakana, ankazungulira ndi lole m'mafamu onse a chigwa chino, thumba paphewa, nkhope bii, maso okha kuyera. Sukulu anaisiya msanga, koma pakamwa pake sipanapumepo. Munthuyu amayankhula ngati akuitana wina kutsidya kwa mtsinje, chonsecho muli naye pa tebulo limodzi, ndipo mtima wake umapsa usanamalize n'komwe zimene ukunena. Koma galimoto yako ititimire m'matope mvula ili pamsana, woyamba kufika ndi chingwe ndi iyeyo. Akutukwana njira yonse, inde, koma akutulutsa.

Matenda ake anawatenga m'mafamu momwemo. Alimi akuno munda uliwonse amautchula dzina lake, mayina akalekale oti eni akewo sadziwa tanthauzo. Wilf ankafunsa, alimi n'kumangokweza mapewa. Tsiku lina akubisala mvula m'nyumba yowerengeramo mabuku kutauni, anatsegula chibuku chofotokoza mayina a malo. Anapezamo kuti Herwath, pamene ng'ombe zathu zimawolokera mtsinje, m'chiyankhulo cha anthu akale obwera pa ngalawa ndiye kuti powolokera gulu lankhondo. Ndipo Tinghow, kaphiri ka pamwamba pake kamene ana amatsetserekapo, ndiye kuti chitunda cha msonkhano.

Tsono pali nkhondo ina imene mwana aliyense wa chigwa chino amaimva kusukulu. Zaka zoposa chikwi zapitazo, mfumu ina ya kumpoto kwa Mangalande kuno inakumana ndi chikhamu cha ankhondo a pa ngalawa aja, ndipo anthu anaphana mpaka mtsinje kufiira. Amonke amene analemba za tsikulo anali ouma manja pa inki. Anangoti zinachitikira powolokera mtsinje, kunsi kwa chitunda cha msonkhano, basi. Mtsinje uti, chitunda chiti, zimenezo anatisiyira ife kuti tizikangana. A ku Aldercote, mudzi wa kumunsi kwathu, anachangamuka. M'nthawi ya azigogo, mponda matiki wina wa kumeneko anaimika chimwala chozokota pafupi ndi mlatho wawo, ndipo mpaka lero amagulitsa tiyi ndi makeke kwa alendo odzachijambula. Ukawafunsa umboni, amakulozera mwala womwewo, umene anaimika okha.

Wilf anatseka chibuku chija mwamphamvu n'kukuwa kuti, "Atibera nkhondo!" Mayi woyang'anira mabuku anamutulutsa panja.

Kuyambira tsiku limenelo anali ndi chinthu chimodzi chokha pamtima: kuonetsa dziko lonse kuti nkhondoyo inamenyedwa ku Skeldby. Anagula makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, aja ooneka ngati chiwaya chomangirira ku ndodo, amene amalira m'makutu akadutsa pa chitsulo. Mkazi wake Edna, mayi wochepa thupi koma wosaopa phokoso la mwamuna wake, anawayang'ana makinawo kamodzi.

"Mwagula chiwaya chosakazinga kanthu, bambo?"

"Ichi chikazinga Aldercote yonse. Uona."

"Chabwino. Koma matope anu azithera pakhomo."

Anthu a ziwaya zimenezi ali ndi malamulo awo, ndipo Wilf ankawasunga kuposa malamulo a kutchalitchi. Upemphe kaye mwini munda. Utseke chipata. Ukwirire dzenje lililonse, kapinga abwerere pamalo pake. Ndipo chitsulo chadzimbiri usachisiye m'munda. Onsewo chimene amasaka ndi golide, siliva ndi mkuwa. Chitsulo wamba amachitcha zinyalala, chifukwa m'minda yakuno mwadzaza misomali, nsapato za akavalo ndi mano a mapulawo. Ukachifukula umachitukwana pang'ono, kenaka n'kuchiponya kumpanda wa minga kapena m'ndowa. Alimi zimenezi amazikonda, poti msomali umaboola tayala la thirakitala, ndipo ng'ombe ikaumeza ndiye kuti yapita.

Pa ntchito imeneyi panalibe womuposa Wilf. Munda umene wadutsamo iye unkatsala woyera ngati mbale. Zina ankaponya kumpanda, zina ankapatsa ogula zitsulo zakutha, koma zambiri ankazikhuthulira pa chipata cha a Lumb, mlimi wina wokalamba amene mathirakitala ake ankatitimira pamenepo chaka chilichonse. A Lumb ankamutamanda paliponse kuti wawapangira msewu.

Wilf m'maganizo mwake ankaona chogwirira cha lupanga chokutidwa ndi golide, kapena chibangili cha siliva cha mtsogoleri wa nkhondo. Chimene ankabwera nacho kunyumba chinali mabatani, zotsekera mabotolo, ndi kamodzi mano oikirira a munthu wina amene sanadziulule. Lamlungu masana akalowa mu bala, anyamata achikulire a pakona ankamulandira.

"Imirirani, mfumu yafika! Lero mwafukula chisoti, bwana?"

"Ndafukula ubongo wako. Unali waung'ono, ndaubwezera momwemo."

Ankayankha choncho, anthu n'kuseka, koma Edna yekha ndiye ankadziwa mmene ankakhalira chete akafika kunyumba, akutsuka mabatani ake pa sinki. Tsitsi linayera, mawondo anayamba kulira, umboni osaoneka.

Munda umodzi wokha ndiwo sanaupondemo, ndipo unali womwe ankaufuna kuposa yonse: dambo la msipu limene lili pa Herwath penipeni, pakati pa mtsinje ndi Tinghow. Mwini wake ndi Clem Outhwaite, mchimwene wake wa Edna, woweta nkhosa wamtali, wosayankhulayankhula, amene akakwiya amangotseka pakamwa ngati chitseko cha khola. Kale awiriwa ankamwera limodzi. Wilf atangogula chiwaya chake, anachiyesera pa kakona ka munda wina wa Clem, ndipo mawa lake nkhosa yamphongo ya Clem, imene inkapambana pa zionetsero, inathyoka mwendo m'dzenje mpaka anaipha. Clem anati dzenjelo ndi la Wilf. Wilf anati ndi una wa nkhandwe. Mlungu womwewo kunali ukwati wa mwana wamkazi wa Clem, ndipo kumadyerero mowa unamalizitsa zimene dzenje linayamba. Kuchokera pamenepo alamu awiriwa ankadutsana pamsewu ngati mitengo. Edna ankapita yekha kwa mchimwene wake, n'kubwerako yekha, zaka zoposa makumi awiri.

Zinthu zinatembenuka chaka chimene kunabwera Dokotala Moira Pennock, katswiri wofukula zakale wa ku yunivesite ina, kudzayankhula mu holo ya ku Aldercote. Wilf anapita atavala jekete la ku maliro. Mayiyo asanafike n'komwe pakati pa nkhani yake, Wilf anaimirira.

"Pepani mayi, koma chitunda cha msonkhano chili kuti kuno? Kuno n'kwa see ngati tebulo! Anthuwa chitunda chawo ndi mulu wa manyowa!"

Holo yonse inabangula kuti akhale pansi. Koma mayiyo anakweza dzanja, n'kumufunsa mayina aja. Anawalemba, anafunsa mmene okalamba amawatchulira, ndipo anati mayina otere si oseweretsa. Mlungu wotsatira anagogoda kwa Wilf.

Wilf anali atayala nsalu yoyera pa tebulo, n'kundandalikapo chuma chake chonse. Moira anachiyang'ana mwaulemu, batani ndi batani, akumwa tiyi wa Edna. Munalibe kanthu ka nthawi ya nkhondoyo, ngakhale kamodzi. Potuluka Moira anapunthwa pa chibuma chadzimbiri chimene Edna ankatchingira chitseko chakuseri kuti mphepo isamachimenyetse. Anawerama, anachinyamula, anachitembenuza kawiri katatu.

"Ichi ndingabwereke?"

"Tengani, adokotala," anatero Edna. "Zala zanga zakuphazi zikuthokozani."

Atabweranso anali ndi chithunzi chakuda ngati chija achipatala amajambula fupa lothyoka. Anachiimika pa windo. M'kati mwa chibuma chija munkaoneka bwinobwino mutu wa nkhwangwa, wotambalala kukamwa, wobenthuka mbali imodzi.

"Iyi si yowazira nkhuni, bambo Raistrick. Ndi ya nkhondo, ndipo ndi ya nthawi yomwe mukufunayo."

Wilf anadumpha ngati mnyamata. Anamunyamula Edna m'mwamba, anagubuduza mpando, anati akaimbire foni ku Aldercote pompano. Moira anadikira kuti phokoso litsike.

"Munaitola pati?"

Wilf anatsegula pakamwa. Anayang'ana kudenga. Mwina kwa a Lumb. Mwina kuseri kwa tchalitchi. Mwina chaka chija kunasefukira madzi, mwina ayi. Ndani amasunga m'mutu pamene watola zinyalala?

"Mvetsani," anatero Moira mofatsa. "Nkhondo ikatha, opambana amatola chilichonse chonyezimira. Golide samusiya. Chotsala ndi chimene palibe anachifuna: nsonga za mivi, zidutswa za mikondo, misomali ya zishango. Zonsezo ndi chitsulo wamba, ndipo pakapita zaka chikwi zimaoneka ngati mbatatesi yowola. Nkhwangwa imodzi munthu akhoza kuigwetsa pa ulendo. Koma mivi yambiri itagona mzere umodzi m'mbali mwa mtsinje, pamenepo timaona pamene anthu anaima n'kumenyana. Chitsulo chikachoka pamene chinagwera, chimasiya kuyankhula."

Wilf anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Mbatatesi zimenezo ndatola zambiri," anatero ndi mawu amene Edna anali asanawamvepo.

"Zili kuti?"

Wilf anamutengera Moira pa chipata cha a Lumb. Mathirakitala anali atapondapo chilimwe ndi dzinja kwa zaka zonsezo, ndipo matope a pamenepo anali ofiirira, odzaza tizibenthu topereseka ngati chimanga cha pamphero. Moira ananjuta, anatola kachidutswa kamodzi, n'kukabwezera pansi. Sanamudzudzule. Anangoti ngakhale aphunzitsi ake amene, m'masiku awo, ankataya chitsulo chimodzimodzi. Koma mawu otonthoza amenewo sanalowe. Wilf anaima pamenepo manja ali lende, akuyang'ana nkhondo yake imene anaisenza yekha ndi ndowa n'kuipereka ku matayala.

Ndikuuzeni, mudzi unachita mantha. Wilf Raistrick anasiya kukuwa. Ankadutsa pa bala osalowa. Wina atamuputa dala pa sitolo kuti mfumu ili bwanji lero, anangoyankha kuti ili bwino. Chiwaya anachikoleka m'shedi n'kutseka ndi loko.

Moira ndiye anabweranso ndi funso. Anali pa tebulo la kukhitchini, Wilf akungotakasa tiyi wozizira.

"Kodi palibe munda ngakhale umodzi pafupi ndi Herwath umene simunaulowe?"

Edna anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe.

"Ulipo, adokotala. Ndi wa achimwene anga. Sunalimidwepo chibadwire changa, ndi msipu wokhawokha. Ndipo akangomaliza kumweta udzu chaka chino, kukubwera katapila. Akufuna kukumba dziwe la nsomba loti alendo azidzawedza."

Supuni inaima m'kapu.

"Dziwe? Pa Herwath?"

"Pa Herwath penipeni. Ndinakuuzani mwezi watha, koma dzina la Clem likangotchulidwa m'nyumba muno makutu anu amatseka."

"Chitsiru chimenecho chikufuna kukumba..."

"Ehe, yambani!" Edna anamenya tebulo ndi chikhatho. "Chitsiru chimenecho ndicho chokha chakusungirani nkhondo yanu, chifukwa chinakuthamangitsani. Minda yonse imene anakulandirani bwino munaisesa. Tsono sankhani, bambo: mukapepese, kapena katapila amalize zimene munayamba ndi ndowa."

Wilf anazungulirazungulira m'nyumba mpaka udzu unayamba kugwa m'minda ya anthu. Kenaka m'mawa wina anavala jekete la ku maliro lija, n'kukwera mtunda wopita kwa Clem. Njira yonse ankayeseza bodza limodzi, chifukwa mumtima mwake ankadziwa kuti dzenje lake analikwirira.

Anamupeza Clem pabwalo, atapana nkhosa pakati pa miyendo, akuiwenga ziboda.

"Mlamu."

Clem sanadzutse mutu. "Edna wamwalira?"

"Ali bwino."

"Ndiye chipata ndi chomwecho walowerapo."

Wilf anafotokoza za nkhwangwa, za mivi, za chipata cha a Lumb, zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayankhula motsitsa mpaka galu wa Clem anapendeka mutu. Clem ankangowenga ziboda. Pomaliza Wilf anavula chipewa.

"Dzenje lija linali langa. Sindinalikwirire. Ndikhululukire."

Clem anaimasula nkhosa ija, n'kuwongoka pang'onopang'ono mpaka kutalika kwake konse.

"Ukunama. Unali una wa nkhandwe. Ndinaiwombera ndekha mlungu wotsatira."

Magazi onse a Wilf anathamangira kumutu.

"Iwe! Zaka zonsezi ukudziwa? Wandisenzetsa mlandu wa nkhandwe mpaka imvi, iwe mlongoti wa magetsi iwe?"

"Wayambatu kumveka ngati Wilf tsopano," anatero Clem, osasuntha. "Za dzenje ndinanena ndi ululu wa nkhosa yanga, ndipo ndikanabweza mawuwo. Koma iwe unaimirira pa ukwati wa mwana wanga, tambula m'manja, pamaso pa apongozi ake, n'kunena kuti nkhosayo inali yopusa ngati mwini wake, ikanayang'ana poponda. Holo yonse inaseka. Mpaka lero ndikalowa pa msika wa nkhosa pamakhala wina wolira mee kumbuyo kwanga. Ana amene anali asanabadwe tsiku limenelo amalira mee. Zimenezo unaiwala?"

Wilf anali ataiwaladi. Kwa iye anali mawu a mowa, amodzi mwa zikwizikwi amene anawamwaza m'moyo wake osatembenuka kuona kumene agwera.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Unanena pagulu. Ukabweze pagulu."

Msika wa nkhosa umachitika Lachinayi, m'chishedi chachikulu chokhala ndi bwalo lotchinga ndi zitsulo pakati, alimi atakhala mozungulira pa mabenchi okwera ngati masitepe. Tsiku limenelo munadzaza. Gulu lina la nkhosa litangotuluka, anthu anangoona nkhalamba ya jekete lakuda ikukwera mpanda movutikira, n'kutsikira m'bwalo, pakati pa ndowe. Edna anali pa benchi yapamwamba, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Clem anatsamira chipilala pafupi ndi khomo.

"Anthu inu! Ndine Wilf Raistrick, wa malasha!"

"Tikukudziwa, mfumu!"

"Imeneyo yakalamba, mano inatha! Palibe agule!"

Wogulitsa malonda anafuna kumupatsa chokuzira mawu, koma wina anakuwa kuti asayerekeze, denga lingagwe. Wilf anadikira, zibakera zili m'matumba, khosi litafiira.

"Pa ukwati wa mwana wa mlamu wanga Clem Outhwaite ndinanena mawu onyansa, ndipo ena mwa inu mwakhala mukuwabwereza ngati ana a sukulu. Ndabwera kudzawameza. Nkhosa ija sinali yopusa. Mwini wake si wopusa. Wopusa ndi uyu waima apayu, amene wakhala akufunafuna chinthu moyo wake wonse kwinaku akuchiponya kumpanda ndi dzanja lake lomwe. Clem wasunga munda wake monga anausiyira bambo ake. Ine ndasunga mabatani."

Munachita zii. Ndiye kumbuyo kwenikweni wina, wamantha ngati onse ochitira zinthu kumbuyo, analira motsitsa kuti mee.

Wilf anatembenuka ngati ng'ombe yolumidwa ndi mavu.

"Amene walirayo atsike pano! Atsike ndimumete ubweya ndi manja angawa! Kuyambira lero wolira mee kwa mlamu wanga walira kwa ine, ndipo ndikudziwa pamene aliyense wa inu amakhala, ndinakusenzerani malasha mpaka kukhitchini!"

Palibe anatsika. Mlimi wina anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. Clem, nkhope itafiira mpaka m'makutu, anayandikira mpanda uja.

"Tuluka m'bwalomo, ukuchedwetsa malonda." Anamugwira mkono pomuthandiza kuwoloka, ndipo asanausiye anawonjezera chapansipansi: "Katapila ndamuuza adikire. Mubwere Loweruka. Ndipo mutseke chipata."

Loweruka kunacha ndi mvula yamawawa. Moira anafika ndi anzake a ku yunivesite, ndipo Wilf anaitana a ziwaya onse a m'chigwa, ngakhale awiri a ku Aldercote amene anabwera kudzaseka. Anamanga zingwe kudutsa dambo lonse kuti aliyense aziyenda m'kanjira kake. Lamulo linali limodzi: chitsulo chilichonse, kaya chionekere chonyansa bwanji, chilowe m'kathumba kake, ndipo pamene chatuluka pazikidwe kambendera kofiira mpaka ayeze malowo.

Chiwaya cha Wilf chinalira asanapite patali. Anagwada, mawondo akudandaula, anadula kapinga, n'kutulutsa kachibuma kadzimbiri kotalika ngati chala. Ndipo dzanja lake, limene linazolowera kwa zaka zonsezo, linapita lokha m'mbuyo kuti liponye kumpanda.

"Bambo inu!" Edna anakuwa kuchokera pa chipata pamene ankathira anthu tiyi. "Mukangoponya chimenecho, nanunso mugona kumpanda konko!"

Wilf anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Analitsitsa, n'kuika kachibumako m'kathumba mofatsa ngati dzira.

Pofika madzulo, ataimirira pamwamba pa Tinghow, aliyense ankatha kuona. Kumtunda kwa dambo timbendera tinali apa ndi apo. Koma kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, tinathithikana n'kupanga mzere wokhota ngati uta, wothinana kwambiri pamene ng'ombe zimawolokera. A ku Aldercote aja anali atasiya kuseka. Clem anaima pambali pa Wilf, manja kumbuyo.

"Mwandidzalira maluwa m'munda."

Madzi ankatsika m'masaya mwa Wilf, ndipo anati ndi mvula. Amene akufuna kutsutsa zimenezo abwere adzanditsutse ine.

Yankho linabwera nyengo yozizira itafika, atajambula m'kati mwa zibuma zonse. Moira anadzaliperekera m'khitchini mwa Edna, Clem ali pomwepo pa mpando umene unakhala wopanda munthu zaka zonse zija. Zambiri zinalidi misomali ndi nsapato za akavalo. Koma mu mzere uja munali nsonga za mivi, zina zopindika chifukwa chomenya chinthu cholimba, chidutswa cha mkondo, ndi timisomali ta zishango, zonse za nthawi yoyenera.

"Kuti pa Herwath panamenyedwa nkhondo m'masiku amenewo, ndinganene pamaso pa aliyense," anatero Moira. "Kuti ndi yomweyo analemba amonke, ndinganene kuti mwina, ndipo ndi mwina wamphamvu. Dambo limodzi ndi laling'ono pa nkhondo yaikulu chotero. Tikanakhala ndi za m'minda inayo..."

Anaima pamenepo. Wilf anamumalizira yekha.

"Mukanati inde."

"N'kutheka ndikanati inde."

Wilf anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenaka anapumira m'mwamba.

"A ku Aldercote ali ndi mivi ingati?"

"Alibe ndi umodzi womwe."

"Ndiye mwina wanuyo ndimutenga. Edna, thira tiyi, ndipo mlamu umupatse keke yaikuluyo asanayambe kulira."

Dziwe lake Clem anakalikumba kutsidya kwa msewu, ndipo akuti nsomba zake n'zopusa, zimadya nyambo iliyonse. Chimwala cha ku Aldercote chikadali chiimire, makeke akugulitsabe, koma anthu ofunsa mafunso ayamba kukhotera kuno. Ku bala akumutchabe mfumu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amamusunthira mpando.

Masamba akayoyoka m'mipanda, mudzamuona Wilf akuyenda m'mphepete mwa minda ija ankaisesa, ndowa kudzanja, akupisa mkono m'minga kufunafuna zimene anaponya. Moira anamuuza poyera kuti zimenezo sizingatsimikizenso kanthu. Iye anati akudziwa, koma zinali zinthu za anthu, ndipo si bwino kuti zizigona pamodzi ndi mabotolo. Clem amamutsatira pang'onopang'ono pa kanjinga kake kamoto ka matayala anayi, poti mawondo a Wilf sangathenso kusenza ndowa yodzaza.

"Icho wasiya, mlamu. Chili apo, pansi pa nthambiyo."

"Chimenecho ndi chitini cha nyemba, mlongoti iwe!"

"Tola basi. Iwe ndi amene unganene kuti chinthu ndi chinyalala?"

Ndipo Wilf amatukwana mpaka akhwangwala kuuluka m'mitengo, kenaka amawerama n'kutola.